Mmene mungachotseredwe msonkho wa chigawo mukaika makina a geothermal panyumba panu ku America

Anthu ambiri amene amaika makina a geothermal heat pump (makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba pogwiritsa ntchito mapaipi okwiriridwa pansi pa nthaka) m'nyumba zawo ku America amataya ndalama zimene boma la chigawo chawo likanawachotsera pa msonkho, ndipo sazitaya pa tsiku lodzaza mafomu ayi. Amazitaya miyezi ingapo m'mbuyo mwake, pa tsiku limene anasaina mgwirizano ndi kontilakitala asanafunse mafunso oyenera, kapena pa tsiku limene analandira invoisi ya mzere umodzi n'kuiponya m'kabati. Pofika mwezi wa Epulo, umene anthu amatumiza mafomu a msonkho, mapaipi amakhala atakwiriridwa kale, kapinga atamera pamwamba pake, ndipo chimene chinalakwika chimakhala chovuta kuchikonza.

Kwa ife amene tinakulira pa msonkho wa PAYE, umene abwana amadula pa malipiro n'kutumiza okha ku MRA, zimatenga nthawi kuzolowera kuti ku America munthu amadziwerengera yekha msonkho chaka chilichonse, ndipo chimene sanachipemphe pa fomu palibe amene adzamukumbutse. Malangizo awa akutsatira ndondomeko ya chigawo cha New York, ndipo zigawo zina zatchulidwa pamene malamulo ake akusiyana kwambiri ndi a New York.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

Musanayambe gawo loyamba, pezani chikwatu chimodzi chosungira mapepala, ndipo mutsegulenso foda pa kompyuta yosungiramo zithunzi za mapepala omwewo. Muzikhala zinthu izi, zina mwa izo mudzazipeza ntchito ikamapita:

- Mafomu a msonkho wa chigawo amene munatumiza chaka chatha, omwe ku New York ndi IT-201, pamodzi ndi fomu ya W-2 yochokera kuntchito kwanu, yosonyeza malipiro anu ndi msonkho umene anakudulani.
- Mgwirizano wolembedwa ndi kusainidwa pakati pa inu ndi kontilakitala.
- Invoisi yomaliza imene yagawa mtengo wa chinthu chilichonse pachokha.
- Umboni wa malipiro, monga masitetimenti a kubanki kapena pepala la ngongole.
- Dzina la kampani yopanga makinawo, nambala ya mtundu wake, satifiketi ya AHRI (bungwe lotsimikizira mmene makina otere amagwirira ntchito), ndi umboni woti makinawo ali pa mndandanda wa Energy Star (mndandanda wa boma wa zipangizo zosawononga magetsi ambiri).
- Chilolezo chomangira chochokera ku ofesi ya tawuni yanu, ndi pepala la woyendera ntchito losonyeza tsiku limene anavomereza.
- Kalata ya rebate (ndalama imene amakubwezerani kapena kukuchotserani pa mtengo wa ntchito) kapena thandizo lina lililonse la ndalama limene mwalandira pa ntchitoyi.
- Fomu ya IT-267, yopemphera kuchotseredwa msonkhoku ku New York, ya chaka chimene makina ayamba kugwira ntchito, pamodzi ndi malangizo ake.

## 1. Tsimikizani kuti chigawo chanu chili ndi tax credit, ndipo mudziwe mtundu wake

Si chigawo chilichonse chimene chimachotsera anthu msonkho chifukwa cha makinawa, kuchotsera kumene kumatchedwa tax credit. Ngati mukukhala ku Texas, Florida, Tennessee, Nevada kapena Washington, kumene malipiro a munthu sadulidwa msonkho wa chigawo, palibe pochotsera, ndipo chimene mungayang'ane ndi rebate ya kampani ya magetsi basi. Poyambira pabwino ndi tsamba la DSIRE, limene limayendetsedwa ndi NC Clean Energy Technology Center ya ku yunivesite ya North Carolina State. Mukalembapo zip code yanu (nambala ya positi ya dera lanu) limakusonyezani zimene zilipo m'dera lanu. Komabe zimene mwaona pamenepo muzitsimikizire pa tsamba la ofesi ya msonkho ya chigawo chanu, pakuti nyumba za malamulo za m'zigawo zimasintha manambala amenewa pafupipafupi.

Ku New York boma limakuchotserani 25 peresenti ya ndalama zoyenerera zimene mwalipira. Malire ake ndi $5,000 pa makina amene anayamba kugwira ntchito pofika pa 30 Juni 2025, ndi $10,000 pa makina amene anayamba pa 1 Julayi 2025 kapena pambuyo pake. Ku South Carolina ndi 25 peresenti yomweyo, koma pa chaka chimodzi simungapitirire $3,500 kapena theka la msonkho wanu, malinga ndi chimene chili chochepa pa ziwirizi, ndipo chotsala mumachinyamula mpaka zaka 10 pogwiritsa ntchito fomu ya TC-38. Ku New Mexico ndi 30 peresenti mpaka $9,000, koma ofesi ya msonkho siikumverani musanatenge satifiketi ku nthambi yoona za mphamvu ndi migodi yotchedwa EMNRD, ndipo thumba la ndalama za chaka chilichonse lili ndi malire ake, moti wozengereza akhoza kupeza zitatha.

Colorado ndiyo yosiyana ndi zonsezi. Kumeneko amene amapempha credit ndi kontilakitala wolembetsedwa ku Colorado Energy Office, osati mwini nyumba, ndipo iye amayenera kukuchotserani gawo lake pa invoisi pomwepo. M'zaka za 2024 ndi 2025 credit ya makina a pansi pa nthaka inali $3,000.

Chenjezo: ku Colorado mukalemba ntchito kontilakitala wosalembetsedwa, palibe fomu imene inu mungadzaze pambuyo pake kuti mupeze ndalamazo.

## 2. Chotsani credit ya boma la federal m'masamu anu

Mpaka kumapeto kwa chaka cha 2025, boma la federal, lomwe ndi boma la dziko lonse, linkachotsera eni nyumba 30 peresenti ya mtengo wa makinawa kudzera m'gawo 25D la lamulo la msonkho, pa fomu ya 5695. Lamulo la mu 2022 linanena kuti 30 peresentiyo ipitirira mpaka 2032, koma lamulo lina limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linathetsa credit imeneyi pa ndalama zonse zolipidwa pambuyo pa 31 Disembala 2025. Bungwe la IRS, lotolera msonkho wa federal, limawerenga kuti ndalama zalipidwa pa tsiku limene ntchito yoika makina yatha, choncho munthu amene analipira zonse mu Novembala 2025 koma makina n'kumalizidwa mu Januwale 2026 alibe gawo pa credit imeneyi.

Timapepala tambiri totsatsa malonda ndiponso masamba ambiri a pa intaneti akadali ndi mawu akale onena za 30 peresenti. Ngati mtengo umene kontilakitala wakupatsani wachotseratu 30 peresenti kuti ndalama zioneke zochepa, muuzeni akulembereninso wopanda zimenezo, chifukwa pa ntchito ya $38,000 kusiyana kwake kumaposa $11,000, ndipo ndalama imeneyo idzachoka m'thumba mwanu.

Amene makina awo anamalizidwa mu 2025 kapena m'mbuyo mwake akhoza kukhalabe ndi ufulu wopempha credit ya federal pa msonkho wa chaka chimenecho, ndipo kupempha ya chigawo sikuwaletsa kupempha ya federal.

## 3. Onani ngati nyumba yanu ikuyenerera

Ku New York nyumbayo iyenera kukhala m'chigawomo, ndipo iyenera kukhala nyumba imene inuyo mukukhalamo pa nthawi imene makina ayamba kugwira ntchito. Makina akhale atsopano, inu ndinu woyamba kuwagwiritsa ntchito. Ngati simunagule makinawo koma mwachita kubwereka kwa kampani imene ndi mwini wake, mukhoza kupemphabe credit, bola mgwirizano wake ukhale wolembedwa ndipo ukhale wa zaka zosachepera 10.

Lamulo limene limagwetsa anthu ambiri ndi la lendi. Credit siperekedwa pa nyumba imene yachititsidwa lendi nthawi ina iliyonse m'chaka chimene mukupempha. Ambiri a ife tikagula nyumba timaika munthu m'chipinda cha pansi kuti athandize kubweza ngongole ya nyumba, ndipo ena amachititsa lendi chipinda kwa masiku ochepa kudzera pa Airbnb. Lamuloli silinanene kuti lendi ya mwezi umodzi ndi yaing'ono. M'bale amene wangofika kumene kuchokera kumudzi ndipo mukumusunga popanda malipiro si wa lendi, koma munthu amene amakupatsani ndalama mwezi ndi mwezi chifukwa cha chipinda ndi nkhani ina, ndipo muyenera kukambirana ndi katswiri wa za msonkho musanasankhe chaka choikira makina.

Ngati nyumba mumakhalamo anthu awiri kapena kuposa amene aliyense amatumiza msonkho payekha, mwachitsanzo pachibale amene munagula nyumba limodzi, credit imagawidwa molingana ndi ndalama zimene aliyense anaika pa ntchitoyo. Aliyense alipire gawo lake kuchokera ku akaunti yake kuti umboni ukhale woonekeratu.

## 4. Dziwani kukula kwa msonkho wanu musanasangalale ndi $10,000

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, ndipo ndi bwino kuchedwapo pang'ono. Tax credit si cheke chimene boma limatumiza kwa aliyense woika makina. Ndi ndalama imene imachotsedwa pa msonkho umene munayenera kulipira. Pa misonkho ya chaka cha 2025 ndi zaka za m'mbuyo mwake, credit ya ku New York imatsitsa msonkho wanu mpaka pa ziro n'kuimira pomwepo, ndipo chotsala chimadikira chaka chotsatira, mpaka zaka zisanu. Chimene chatsalabe zaka zisanuzo zikatha chimapita. Pa zaka za kutsogolo werengani malangizo a IT-267 a chaka chomwecho, osati amene munasunga kale.

Anthu ena akamva zimenezi amataya mtima, n'kumati iwo salipira msonkho mu Epulo, m'malo mwake boma ndi limene limawabwezera, choncho credit siingawathandize. Maganizo amenewa ndi olakwika. Msonkho munalipira kale, unkadulidwa pa malipiro anu chaka chonse, ndipo kuchuluka kwake kwalembedwa m'bokosi 17 la fomu ya W-2. Chimene muyenera kuyang'ana pa IT-201 ya chaka chatha si mzere wa ndalama zimene anakubwezerani, koma mzere wosonyeza msonkho wonse wa New York State wa chaka chimenecho. Ngati msonkho wanu wa chaka unali $5,500 ndipo kuntchito anakudulani $5,900, boma linakubwezerani $400. Credit ikatsitsa $5,500 ija kufika pa ziro, boma lidzakubwezerani $5,900 yonse, chifukwa zonse zimene munadulidwa zakhala zopitirira.

Tengani nambala ya msonkho wa chakayo muichulukitse ndi 6, kutanthauza chaka choyamba ndi zaka zisanu zotsatira. Ngati yankho likuposa credit imene mukuyembekezera, mudzaidya yonse. Banja la anthu awiri ogwira ntchito nthawi zambiri limaimaliza m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa malamulo a misonkho ya 2025 ndi zaka za m'mbuyo mwake, munthu wopuma pantchito amene ndalama zake zambiri ndi za Social Security (penshoni ya boma la federal), zimene New York siidula msonkho, akhoza kupeza kuti msonkho wake ndi wochepa kwambiri moti gawo lalikulu la credit lidzatha mphamvu asanaligwiritse ntchito.

Chenjezo: okhala mumzinda wa New York amalipiranso msonkho wa mzinda pa fomu yomweyo ya IT-201. Credit iyi ndi ya msonkho wa chigawo, choncho musaphatikize msonkho wa mzinda powerengera.

## 5. Sankhani kontilakitala ndi makina oyenerera

Mawu akuti heat pump amanena za makina a mitundu iwiri, ndipo umodzi wokha ndi umene ukuyenerera credit iyi. Makina amene ali ndi bokosi la fani kunja kwa nyumba, amene amatenga kutentha mumpweya, sali m'gululi ngakhale atakhala abwino chotani. Oyenerera ndi amene amalumikizidwa ku mapaipi okwiriridwa pansi pa nthaka kapena omizidwa m'dziwe. Pabwalo laling'ono amaboola zitsime zakuya mamita 30 mpaka 120 ndi galimoto yofanana ndi ija yoboola mijigo kwathu, kungoti pa makina ambiri otere satunga madzi, amangotsitsamo mapaipi otseka mmene mumazungulira madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana. Pabwalo lalikulu amakumba ngalande zazitali zakuya kuposa mita imodzi.

Funsani makontilakitala atatu, ndipo aliyense mumufunse zinthu zofanana. Akupatseni nambala ya mtundu wa makina amene akufuna kuika, ndipo inu nokha mukaifufuze pa mndandanda wa geothermal heat pumps pa tsamba la Energy Star, kenako mujambule tsambalo tsiku likuoneka, chifukwa mndandandawu umasintha ndipo makina amene alipo lero akhoza kudzachotsedwa patapita zaka. Akusonyezeni ngati ali ndi satifiketi ya bungwe la IGSHPA, limene limaphunzitsa ndi kuvomereza oika makinawa. Akusonyezeninso masamu a Manual J, amene amasonyeza kutentha kumene nyumba yanu imafuna. Kontilakitala amene wangoyang'ana nyumba ndi maso n'kutchula kukula kwa makina ndi woti mumuthokoze n'kumulola apite.

Chenjezo: mawu a kontilakitala akuti makinawa ali ndi credit si umboni. Ofesi ya msonkho ikadzakana, wobweza ndalama ndi chiwongoladzanja chake ndi inu amene munasaina fomu.

## 6. Konzani za rebate ntchito isanayambe

Rebate ndi yosiyana ndi tax credit. Ku New York imachokera ku makampani a magetsi monga Con Edison, National Grid, NYSEG, RG&E, Central Hudson ndi Orange & Rockland kudzera mu ndondomeko ya NYS Clean Heat, ndipo imaperekedwa pokhapokha ntchito yagwiridwa ndi kontilakitala amene ali pa mndandanda wa ndondomekoyo. Nthawi zambiri kontilakitala ndi amene amadzaza mafomu ake n'kuchotseratu ndalamayo pa invoisi. Mufunseni molemba kuti rebate ndi ndalama zingati, ndani akupempha, ndipo ifika kwa ndani. Mukufunika nambala imeneyi yeniyeni, chifukwa idzachotsedwa pa masamu a gawo 8.

## 7. Limbikirani pa invoisi yogawa bwino ndi tsiku lolembedwa

Invoisi yolembedwa kuti ntchito ya geothermal, $38,000, ndi yosakwanira. Mu mgwirizano momwemo lembani kuti malipiro omaliza mudzapereka mukalandira invoisi imene yasiyanitsa makina a m'nyumba, kuboola kapena kukumba, mapaipi, ntchito ya manja, ntchito ya mainjiniya ndi okonza mapulani, ndiponso zina zonse zimene zinachitika nthawi yomweyo. Kontilakitala amene walandira kale ndalama zake zonse sayankha foni mwachangu.

Chifukwa chake n'chakuti si zonse za pa invoisi zimene zimalowa m'masamu. Anthu ambiri amapezerapo mwayi wokonza zinthu zina pamene amisiri ali pakhomo, monga kusintha mawindo, kuika zotchinga kuzizira kudenga, kapena kuwaka njira yatsopano ya galimoto pamene yakale inaphwanyidwa. Zimenezi si makina a geothermal, ndipo zikasakanikirana mu nambala imodzi woyendera msonkho akhoza kukayikira nambala yonseyo. Chiwongoladzanja cha ngongole ndi ndalama zina zolipira chifukwa cha ngongoleyo nazonso siziwerengedwa.

Tsiku lofunika si limene munasaina mgwirizano, si limene munalipira, ndiponso si limene galimoto yoboola inafika. Ndi tsiku limene ntchito yatha ndipo makina ndi okonzeka kutenthetsa nyumba. Tsiku limenelo ndilo limasankha chaka cha msonkho chimene mudzapemphere credit, ndipo ku New York ndilonso limasankha ngati malire anu ndi $5,000 kapena $10,000. Pemphani kontilakitala alembe tsikuli pa invoisi kapena pa pepala loyatsira makina koyamba, ndipo musunge pepala la woyendera ntchito wa tawuni.

Chenjezo: ntchito yoyamba kumapeto kwa chaka imakonda kuwolokera chaka chinacho chifukwa cha chipale ndi kuchedwa kwa zilolezo. Makina amene ayatsidwa pa 5 Januwale credit yake imapemphedwa pa mafomu amene mudzatumize chaka chinacho, patapita miyezi yoposa 12, ndipo ngati munkadalira ndalamayo kuti mubweze gawo la ngongole mu Epulo, mudzayenera kupeza kwina.

## 8. Werengerani credit yanu

Yambani ndi ndalama zoyenerera zokha za pa invoisi. Chotsanipo rebate, chifukwa imeneyo simunalipire ndinu. Chotsaninso thandizo lililonse la ndalama lochokera ku boma la federal, la chigawo kapena la tawuni limene silinawerengedwe ngati ndalama zimene mwapeza pa msonkho wa federal. Chotsalacho muchichulukitse ndi 25 peresenti, kenako muyerekeze ndi malire.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Invoisi yonse ndi $41,000, ndipo mwa imeneyo $3,000 ndi ya njira yatsopano ya galimoto. Zoyenerera ndi $38,000. Kampani ya magetsi inapereka rebate ya $6,000, choncho patsala $32,000. Gawo la 25 peresenti la nambala imeneyi ndi $8,000. Ngati makina anayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2025, credit yanu ndi $8,000 yonse, popeza siinafike pa malire a $10,000. Ngati anayamba mu Meyi 2025, credit yanu ndi $5,000 yokha. Kuti munthu afike pa $10,000, ndalama zoyenerera ziyenera kukwana $40,000 rebate itachotsedwa kale.

Tsopano bwererani ku nambala ya gawo 4. Ngati msonkho wanu wa chigawo ndi $5,500, chaka choyamba mudzagwiritsa ntchito $5,500 ndipo $2,500 idzadikira chaka chotsatira.

## 9. Dzazani fomu ndi kuitumiza pamodzi ndi msonkho wanu

Tsitsani IT-267 ya chaka cholondola pa tsamba la New York State Department of Taxation and Finance. Fomuyi imafuna tsiku limene makina anayamba kugwira ntchito ndi ndalama zoyenerera, ndipo imakutsogolerani kuwerengera gawo logwiritsa ntchito chaka chino ndi gawo lonyamula. Nambala ya chaka chino imasamutsidwira pa IT-201-ATT, ndipo kuchoka pamenepo imalowa pa IT-201. Amene anakhala ku New York gawo la chaka chabe amagwiritsa ntchito IT-203 ndi IT-203-ATT. Fomu ya IT-267 iyenera kupita limodzi ndi mafomu enawo, koma invoisi ndi malisiti zimatsala kwa inu mpaka atazipempha.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta, musayembekezere kuti ikufunsani yokha. Mapulogalamuwa amaika ma credit a zigawo pa mndandanda wautali kumapeto kwa gawo la chigawo, ndipo muyenera kufufuza dzina la fomu. Musanatumize, tsegulani mafomu onse monga mmene adzasindikizidwire, muone ndi maso anu kuti IT-267 ilimo ndipo nambala yake yafika pa IT-201. Ngati amakudzazirani ndi munthu wina, mupatseni chikwatu chija ndipo mumutchulire dzina la fomu, chifukwa wodzaza mafomu a anthu ambirimbiri mu Malichi sangalote kuti pabwalo panu pali mapaipi.

Tsiku lomaliza ndi 15 Epulo. Fomu ya IT-370 imakupatsani nthawi yowonjezera yotumizira mafomu mpaka 15 Okutobala, koma siwonjezera nthawi yolipirira msonkho umene muli nawo ngongole.

## 10. Nyamulani chotsala ndi kusunga mapepala

Chotsala sichidzilowetsa chokha pa msonkho wa chaka chotsatira. Chaka chilichonse chimene mukadali ndi chotsala muyenera kudzazanso IT-267 n'kulemba nambala yochokera pa fomu ya chaka chatha. Lembani nambalayo ndi zilembo zazikulu pachikuto cha chikwatu chanu. Mapepala a msonkho amasungidwa zaka zosachepera zitatu kuchokera pamene mwatumiza, ndipo popeza credit iyi ikhoza kuyenda zaka zisanu zowonjezera, kuwerenga zaka zitatuzo kuyambire pa fomu yomaliza imene mwagwiritsapo ntchito credit, osati yoyamba. Malisiti a pepala lopyapyala amafufutika, choncho muwajambule sabata yomweyo.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuwerengera 25 peresenti pa ndalama zonse zoyenerera, rebate isanachotsedwe. Chimachitika makamaka pamene rebate inabwera ngati cheke patapita miyezi iwiri kapena itatu ntchito itatha, munthu n'kuiwala kuti ndi ya ntchito yomweyo. Pa chitsanzo cha gawo 8, kulakwitsa kumeneku kumakweza credit ndi $1,500, ndipo ofesi ya msonkho ikazindikira idzaifuna pamodzi ndi chiwongoladzanja.

Chachiwiri ndi kutaya chotsala posintha wodzaza mafomu kapena pulogalamu. Pulogalamu yatsopano siidziwa za $2,500 imene inatsala pa yakale, ndipo siidzakuchenjezani. Mukasintha, tengani IT-267 ya chaka chatha mulembe nambalayo pamanja.

Ena amapempha credit pa chaka chimene analipira ndalama yoyamba, makina asanayatsidwe, poganiza kuti ndalama ikatuluka m'thumba ndiye kuti nkhani yatha. Enanso amatenga malangizo a mnzawo wa chigawo china, osadziwa kuti chimene chinayenda ku New York ndi fomu imodzi chimafuna satifiketi ya EMNRD ku New Mexico ndipo chimadutsa mwa kontilakitala ku Colorado.

Palinso amene amasamukira chigawo china credit isanathe. Chotsala cha New York chimangochotsedwa pa msonkho wa New York, moti amene akuganiza zosamukira ku Texas chaka chamawa aone kaye kuti chaka choyamba adzagwiritsa ntchito zingati.

Ngati munaika makina m'zaka zapitazi koma simunapemphe credit, mwayi ukhoza kukhalapobe. Credit ya New York inayamba ndi makina oyatsidwa kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo fomu ya IT-201-X imalola kukonza msonkho umene munatumiza kale, nthawi zambiri pasanathe zaka zitatu kuchokera pa tsiku limene munautumiza. Mudzaze IT-267 ya chaka chimene makina anayatsidwa, osati ya chaka chino, ndipo ngati panatsala chonyamula, mukonzenso mafomu a zaka zotsatira motsatana, kuyambira chaka chakale kwambiri.